Mphamvu Zikamatha Dzuwa Lisanalowe

Amayi anzanga, kodi munaonapo mayi amene m'mawa amasinja ndi kutunga madzi bwinobwino, koma pofika madzulo zikope zagwa, musi wamulaka, ndiwo akulephera kutafuna? M'gulu lathu la amayi kufupi ndi Embangweni tinali naye wotere. Apongozi ake ankati ndi ulesi, ena ankati walodzedwa. Madokotala atamuyesa anapeza matenda otchedwa myasthenia gravis.

Matendawa amadza pamene chitetezo cha m'thupi chaukira mwini wake. Kuti mkono unyamule musi, mtsempha umatumiza uthenga ku mnofu. Chitetezo chosokonekeracho chimawononga malo olandirira uthengawo. Tsono pamalo omwewo pamakhala enzaimu, ndiye kuti kanthu kofulumizitsa ntchito za m'thupi, yotchedwa acetylcholinesterase. Ntchito yake ndi kufufuta uthenga ukangofika. Kwa munthu walunga zimenezi n'zoyenera, koma kwa wodwala uthenga umafufutika mnofu usanamve mokwanira.

Mu 1934 Dr Mary Walker, ku London, anaonetsa kuti mankhwala ochedwetsa enzaimuyi amabwezera mphamvu kwa maola angapo. Iye anagwiritsa ntchito physostigmine, wochokera ku nyemba ya Calabar ya kumadzulo kwa Afirika. Lero odwala amamwa mapiritsi a pyridostigmine.

Pali enzaimu inanso, creatine kinase, imene imachuluka m'magazi mnofu ukamawonongeka, monga pa matenda a polymyositis. Pa myasthenia kawirikawiri sichuluka, pakuti vuto lili pa uthenga. Choncho magazi akapezeka abwino, musafulumire kunena kuti mnzanuyo akunamizira.

Mukaona zizindikirozi, mperekezeni ku chipatala cha boma ku Mzimba kapena cha mishoni ku Embangweni. Kukafunika, adzamtumiza ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. Akayamba kutsamwa kapena kubanika, musadikire kuti kuche, chifukwa minofu yopumira nayo imafooka ndipo moyo ungatayike. Ngati ali woyembekezera, auze anamwino ku sikelo za matenda ake, pakuti mankhwala ena, monga kwinini, gentamicin ndi magnesium sulphate, amawonjezera kufookako.

Matendawa si opatsirana. Mnzathu uja tsopano amalima m'mawa, ndipo ife timasinthana kumsinjira madzulo. Nanunso, amayi, mayi wa zikope zakugwa musamuseke. Mfunseni nthawi imene mphamvu zimamuthera.