Kagalu Kakamaluma Aliyense Pakhomo

Anthu amandifunsa ngati kagalu kokonda kuluma zala, zitenje ndi masilipasi kadzakhala kolusa kakakula. Nthawi zambiri ndimayankha kuti ayi. Kagalu kamakhala ndi mano oyamba 28, akuthwa ngati singano, ndipo kakafika miyezi itatu kapena inayi manowa amayamba kugweruka kuti pamere ena okhazikika 42. Nkhama zimayabwa mpaka kakwanitse miyezi 6 kapena 7, n'chifukwa chake kamatafuna chilichonse.

Vuto lina timalichititsa tokha. Tiagalu togulitsidwa m'mbali mwa misewu ku Lilongwe ndi Blantyre nthawi zambiri timalekanitsidwa ndi amayi tisanakwanitse masabata 8, chonsecho kagalu kamaphunzira kuluma mosapweteka posewera ndi tinzake. Kakaluma kwambiri, kanzakeko kamalira n'kusiya masewera. Inunso chitani zomwezo: kakakulumani, chotsani dzanja, kafulatireni kwa kanthawi, kenako kapatseni chingwe chomanga mfundo kuti kazitafuna. Kukamenya ine sindivomereza, chifukwa galu woleredwa ndi ndodo amaopa dzanja la munthu, ndipo wamanthayo ndiye amadzaluma zenizeni.

Kagalu kakamadumphadumpha n'kumaluma madzulo, kawirikawiri ndi tulo. Kagalu kamafunika kugona maola pafupifupi 18 patsiku, koma ana pakhomo amakathamangitsa kuyambira m'mawa. Kapatseni malo abata kagone.

Kakakwanitsa miyezi itatu kabayitseni katemera wa chiwewe. Mano ake akaboola khungu, tsukani balalo ndi sopo kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala.