Mwana Wamantha Saphunzira

Mwana wamng'ono akamalira m'mawa uliwonse, nanena kuti m'mimba mukupweteka, kawirikawiri nthenda yace ndiyo kuopa mphunzitsi. Mantha aumitsa mutu: cimene mwana anacidziwa kunyumba aciiwala poitanidwa ku bolodi.

Boma la Zambia linaletsa cikoti m'masukulu m'caka ca 2003, ndipo lamulo la maphunziro la 2011 linatsimikiza mau omwewo. Koma lamulo silimanga lilime. Ndiponso kuyambira 2022, pamene maphunziro anakhala aulere, ana anacuruka m'makalasi, ndipo mphunzitsi wotopa sacedwa kukalipa.

Cifukwa ca ici makolo ena alingalira zophunzitsa ana ao kunyumba. Ku Kabushi, mu Ndola, nchito imeneyi njobvuta. Atate ali ku nchito, amai ali kumsika, adzamphunzitsa ndani? Ambiri anaziona zimenezi mu 2020, masukulu atatsekedwa cifukwa ca Covid-19.

Kholo lanzeru liyamba lakaonana ndi mphunzitsiyo mwaulemu. Zikakanika, lipita kwa mphunzitsi wamkulu kapena ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Mtengo auongola uli waung'ono, koma wouongola mwaukali authyola.