Kalata Yoyankhulira Wophunzira Wodwala Maganizo

Mwana wa sukulu akathyoka mkono mayeso ali pafupi, aphunzitsi samufunsa zambiri, pakuti bandeji imadzinenera yokha. Koma wophunzira amene wagwidwa ndi nkhawa yosatha, kapena kukhumudwa kwakukulu kumene kumamulanda tulo ndi mphamvu zowerengera, alibe chilonda choti aonetse. Ena amati ndi ulesi, ena amamunamizira chamba. Chomuyankhulira pamaso pa akuluakulu a sukulu ndi kalata ya kuchipatala.

Kupempha thandizo lotere si kupempha chifundo ayi. M'chaka cha 2009 dziko la Malawi lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Panganolo limawerengera ndi ovutika m'maganizo kwa nthawi yaitali, ndipo limati sukulu zizikonza zinthu molingana ndi vuto la wophunzira aliyense.

Tsono kalatayo ichokera kuti? Banja la ku Area 14 siliyenera kuyamba ndi ulendo wa ku Zomba Mental Hospital. Lingathe kuyambira pa chipatala cha boma monga Bwaila ku Old Town, kumene angamutumize mwanayo kwa akatswiri, kapena kupita ku St John of God ku Area 43. Kabuku ka kuchipatala musakasiye kunyumba, chifukwa masiku olembedwamo ndiwo umboni woti matendawo sadayambe dzulo.

Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Kalata yongoti "uyu akudwala" siithandiza mphunzitsi wamkulu, poti iye si dokotala. Pemphani dokotala alembe zimene matendawo akulepheretsa: kaya mwanayo satha kukhazikika maganizo kwa maola awiri, kaya mankhwala amamugoneka m'mawa, kaya chipinda chodzaza anthu chimamunjenjemeretsa. Alembenso chofunika kuchita, monga kumuwonjezera nthawi pa mayeso, kumupatsa chipinda chabata, kapena kumulola kupuma chaka chimodzi osataya malo ake. Pakhale tsiku, dzina ndi udindo wa wolembayo, ndi chidindo cha chipatala. Zinsinsi zimene mwanayo adauza dokotala zisalowemo. Zimenezo n'zake, ndipo sukulu ilibe nazo ntchito.

Nthawi nayo ndi yofunika. Wa ku sekondale apereke kalatayo kwa mphunzitsi wamkulu pamene maina akulembedwa a mayeso, kuti pempho lifike msanga ku MANEB ku Zomba. Wa ku koleji apite nayo kwa mkulu woona za ophunzira teremu ikangoyamba. Ine ndikudziwa kuti makolo ena amabisa, kuopa kuti anthu adzati m'banjamo muli misala. Koma kalata yobwera zotsatira zitatuluka kale imakayikitsa, ngakhale ikhale yoona.

Popereka, perekani fotokope, ndipo wolandirayo asaine ndi kulemba tsiku. Kalata yeniyeniyo ikhale kunyumba, chifukwa chaka chamawa adzaifunanso.