Kudikira chipale choyamba m'mapiri a ku Ulaya

M'mapiri a Alps, nyengo ya masewera otsetsereka pa chipale chofewa, omwe amatchedwa ski, imayamba kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, koma tsiku lenileni limatengera kutalika kwa phiri ndi kuzizira kwa chaka chimenecho. Malo a Val Thorens ku France, omwe ali pamwamba mamita pafupifupi 2,300, amatsegula msanga, pomwe malo am'munsi amadikira mitima ili m'mwamba, chifukwa alendo a pa Khirisimasi ndiwo amadyetsa eni mahotela ndi aphunzitsi a masewerawa.

Chipale chikachedwa, eni malo amayatsa makina opopera madzi m'mwamba, ndipo timadontho take timaundana tisanagwe pansi, ngakhale kuti makinawa amafuna mpweya wozizira pafupifupi madigiri 2 pansi pa ziro, komanso amadya madzi ndi magetsi ochuluka zedi. Ku Ruka, m'dziko la Finland, amaunjika chipale cha nyengo yapita n'kuchifunditsa miyezi yonse yotentha, kenako amachiyala mu Okutobala ngati kanjira kopapatiza pakati pa nthaka yambee.