Bokosi la zipangizo silidzaza tsiku limodzi

Lolemba lina m'mawa ndinapeza mnyamata akundidikira pa shedi yanga pa boma la Mzimba, atakhala pa mulu wa matabwa. Anali atalawirira kuchokera cha ku Embangweni. Titapatsana moni, anatulutsa pepala lopindapinda m'thumba la malaya. Papepalapo anali atalemba zipangizo zonse zimene ankagwira pamene ankaphunzira ukalipentala, kuyambira hamala mpaka makina opalira matabwa.

"Adada," anatero, "sukulu ndinamaliza, satifiketi ndili nayo, koma chaka chatha ndisanakhome ngakhale msomali umodzi. Ndalama yogulira zonsezi ndiitenga kuti?"

Ndinachotsa pensulo kukhutu n'kuchonga zinthu zisanu ndi ziwiri zokha: tepi, sikweya, sowo, hamala, tchizulo, puleni ndi zonolera. Ndinati, "Mwana wanga, zokudyetsa ndi izi. Zotsalazi idzakugulira ndi ntchito." Anandiyang'ana mokayika. Ambiri amaganiza ngati iye, kuti umisiri umayamba munthu akadzaza nyumba ndi makina. Ine ndakulira pa benchi, ndipo zimene ndinamuuza tsiku lija ndikufuna azimvenso anzake, poti achinyamata okhala ndi luso m'manja koma opanda chogwirira alipo ambiri kuyambira ku Jenda mpaka kuno ku boma.

Kudandaula kwawo n'komveka. Pafupifupi chitsulo chilichonse cha kalipentala chimachokera kunja, ndiye mtengo wake umatsata kwacha. Ndalama yathu itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'mashopu a hadiweya inathawa osabwereranso. Munthu wa ndalama zochepa ayenera kudziwa chinthu choyenera kugula chatsopano, choyenera kusaka kwa anthu, ndi chimene angadzipangire yekha.

Ndimayamba ndi zoyezera chifukwa thabwa ladula. Ife a ku Mzimba tinakula tikuyesa paini wa ku Chikangawa ngati madzi a m'nyanja. Nkhalango ija, imene boma linayamba kubzala mwamphamvu mu 1964 mpaka kufika mahekitala pafupifupi 53,000, yatha kwambiri ndi moto komanso kudula kosabwezeretsa. Lero ukacheka thabwa molakwika wataya ndalama ya ndiwo. Tepi ya mamita 5 ndi yokwanira. Sikweya ndiyo imanamiza anthu, chifukwa zambiri zotchipa zimachoka kufakitale zili zokhota kale. Muiyese musanapereke ndalama. Igunditseni m'mbali mwa thabwa lowongoka, jambulani mzere, itembenuzeni, jambulaninso pamalo omwewo. Mizere iwiriyo ikagona pamodzi, gulani. Ikasiyana kunsonga, isiyeni ngakhale akuchotsereni mtengo. Pa chinthu chachikulu ngati felemu ya chitseko, tepi imagwira ntchito ya sikweya. Kuchokera pakona yezani masentimita 30 mbali ina, 40 mbali inayo. Pakati pa madontho awiriwo pakakwana 50, kona yanu ili bwino.

Pa sowo yang'anani mano. Masowo ambiri a masiku ano ali ndi mano akuda ngati opserera. Amenewo anawaumitsa kufakitale. Akakhala atsopano amacheka mokoma, koma akabuntha tupa imangoterereka, ndipo sowoyo yatha basi. Wa ndalama zochepa asankhe sowo imene mano ake ndi ofanana mtundu ndi thupi lake, chifukwa imeneyo imanoleka ndi tupa ya makona atatu ndipo mukhala nayo zaka. Ya mano 7 kapena 8 pa inchi imodzi imakwanitsa kudula thabwa modutsa ndiponso kuling'amba m'litali. Muiyang'ane ndi diso limodzi kuchokera kuchigwiriro kuti muone ngati ili yowongoka, kenako muipinde pang'ono. Yabwino imabwerera m'malo mwake. Sowo ikamakanirira m'thabwa, nthawi zambiri vuto limakhala loti mano aima mzere umodzi. Amafunika kupatukana pang'ono, lina kumanja lina kumanzere, kuti njira ikule kuposa thupi la sowo. Utomoni wa paini ukamatirira, pukutani ndi kansalu konyowa ndi palafini.

Hamala musaiwonongere ndalama zambiri. Ya magalamu 450 yokhala ndi mphanda yozulira misomali imagwira ntchito zonse za tsiku ndi tsiku. Mukapeza mutu wokha pamsika wa zakale, tengani, mpini musema nokha. Matchizulo atatu, a mamilimita 6, 12 ndi 25, amatha kubowola malo olumikizira miyendo ya tebulo, mahinjesi ndi loko. Ngati ndalama ikukwana imodzi, yambani ndi ya 12. Osula zitsulo a kumudzi amatha kukusulirani tchizulo kuchokera ku sipuling'i yakale ya galimoto, ndipo ikaumitsidwa bwino imaposa zambiri zonyezimira za m'shopu.

Puleni ndiyo yoyenera kuikapo ndalama. Apa ndikulankhula zimene zinandionekera. Ndili mnyamata ndinagula puleni yotchipa m'shopu ina, yopakidwa penti wokongola. Tsiku lachiwiri mpeni wake unakumana ndi mfundo ya paini n'kupindika ngati chitini. Ndinanola, unapindikanso. Pansi pake panalinso pokhota, moti thabwa lililonse limatuluka ndi chigwa pakati. Tebulo la kasitomala linachedwa, ndipo munthuyo sanabwerenso. Ndalama imene ndinkati ndapulumutsa ndinailipira kawiri.

Puleni yoyambira ndi nambala 5, yotalika pafupifupi masentimita 35. Imachotsa zokhakhala za macheka ndiponso imawongola thabwa. Zabwino kwambiri nthawi zina sizikhala m'shopu. Chigawo chino cha kumpoto chili ndi mbiri yaitali ya umisiri. Sukulu ya Overtoun ku Livingstonia, imene inatsegulidwa mu 1894, inkaphunzitsa ukalipentala, ndipo azigogo athu ambiri opita ku Joni ndi ku Harare ankabwera ndi zitsulo m'masutukesi. M'nyumba zina ku Edingeni, ku Luwerezi kapena ku Champhira muli mapuleni a Stanley ndi a Record opangidwa ku Sheffield, angogona pansi pa bedi kuyambira pamene mwini wake anatisiya. Funsani mwaulemu, ndipo perekani mtengo woyenera kwa amasiye. Dzimbiri lapamwamba lisakuopseni, limachoka ndi sandipepa. Choopsa ndi mng'alu pafupi ndi pakamwa pamene mpeni umatulukira, ndi timaenje ta dzimbiri kuseri kwa mpeni kunsonga. Ikani rula yachitsulo pansi pa puleni n'kuyang'anitsa kudzuwa. Kuwala kukamadutsa kwambiri pakati, muganize kawiri.

Tsopano chinthu chimene anthu amachiyesa chinsinsi cha akalipentala. Amaima pa shedi n'kumadabwa kuona zopala zikutuluka zazitali, zopiringizika ngati riboni, n'kumati mwina puleniyo ndi yodula kwambiri. Nkhani yonse ili pa kunola. Mnyamata uja ndinamukhazika pa benchi m'mawa wonse ndi mwala ndi mpeni umodzi. Amadontheza timafuta pamwala, n'kugoneka mpeni mopendekera madigiri pafupifupi 30. Kuti mudziwe kupendekera kumeneku popanda choyezera, onani kuti mbali yosongokayo italike kawiri kuposa kukhuthala kwa mpeni. Amakankha n'kubweza mwala wonse, manja osagwedera, mpaka chala chitamva kachitsulo kopyapyala katapindikira kuseri. Kakapanda kumveka ndiye kuti simunafike kunsonga. Kenako amagoneka mpeni chafufumimba pamwala kuti kachitsuloko kachoke, n'kumalizira pa lamba wakale wachikopa. Poyesa, amasenga kumutu kwa thabwa la paini. Mpeni wakuthwa umasiya posalala, wobuntha umafinya n'kusiya zoyera zonyenyeka. Mwala ukasowa, galasi la luva ndi sandipepa yomatidwa pamwamba pake zimagwira ntchito yomweyo. Dziwaninso kuti chitsulo chobuntha ndicho chimavulaza, chifukwa munthu amakankha ndi mphamvu mpaka chimaphonya n'kulowa m'dzanja.

Zotsala zambiri pa pepala lija ndi zoti kalipentala amapanga yekha. Benchi ndi ntchito yanu yoyamba, ndipo ikhale yolemera kuti isamavine mukamapala. Nyundo yamtengo yomenyera tchizulo semani ku chipika cha bulugamu wouma, chifukwa hamala yachitsulo imaphwanya zigwiriro. Geji yolembera mizere ndi timitengo tiwiri ndi msomali wonoledwa. Makilampu ndi odula zedi, koma thabwa lokhala ndi zipika ziwiri zokhomedwa kumapeto ndi mphero zamtengo ziwiri zolowetsana limapana chitseko mpaka guluu kutuluka. Malegeni a chubu chakale amamanga mpando pamene guluu akuuma. Chingwe chopotedwa ndi kamtengo pakati chimakoka miyendo ya tebulo. Bokosi losungira zipangizo lipangeninso nokha, ndipo lipangeni bwino, chifukwa kasitomala amayamba kuona limenelo asanakupatseni ntchito.

Nanga ndalama? Lamulo langa ndi lakuti ntchito iliyonse isiye kanthu m'bokosi. Mukagulitsa timipando tinayi, patulani gawo la phindu musanapite kumsika, ndipo chipangizo chotsatira chikhale chimene chinakusowani pa ntchito yapitayo. Chipereganyu ndi banki m'khonde zathandiza amisiri ambiri kugula puleni popanda kugwa m'katapila. Konzekerani miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, pamene anthu agulitsa fodya, soya ndi chimanga ndipo akumanga. Nyumba zimene abale a ku Joni akumanga m'midzi yathu zikufuna mafelemu, zitseko ndi madenga, ndipo alimi a njuchi akufuna ming'oma. Zonsezi zimatheka ndi zitsulo zisanu ndi ziwiri zija. Ndalama imene kasitomala wapereka ya matabwa igule matabwa. Mukaidyera ku zipangizo, mwagulitsa dzina lanu. Kubwereka kumathandiza poyamba, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwini chipangizo amachifuna tsiku lomwe inu mwapanikizika. Pogula zakale funsani kumene zachokera. Puleni yogulitsidwa madzulo pamtengo wa mtolo wa nkhuni kawirikawiri imakhala misozi ya mmisiri mnzanu.

Makina ali ndi nthawi yake. Amene anali pa ntchitoyi mu 2022 akukumbukira mmene magetsi ankazimira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale chaka chimenecho. Makina anangoti zii masiku ambiri, pamene ife a puleni yamanja tinkapala monga mwa masiku onse. Ntchito ikachuluka, kupereka ndalama yochepa kwa amene ali ndi makina opalira pa boma n'kwanzeru kuposa kutenga ngongole ya makina anuanu. Makina oyamba kugula akhale dirilo. Ngati m'bale wa ku Johannesburg akufuna kukuthandizani, mutchulireni dzina ndi nambala ya chinthu chimene mukufuna. Mphamvu ya magetsi kumeneko ndi kuno ndi yofanana, mavoti 230, kusiyana kuli pa pulagi yokha, yawo ya mano obulungira, yathu ya mano amakona. Dirilo ya batire ndi yabwino kumudzi kopanda magetsi ngati muli ndi potchajira, koma batire ikafa imadula pafupifupi ngati dirilo yatsopano, ndiye pemphani ya mabatire awiri.

Chimene mwagula chisamaleni. Kuyambira Disembala mpaka Malichi chinyezi chimadya zitsulo usiku umodzi. Madzulo aliwonse pukutani ndi kansalu ka oyilo, pakani kandulo pansi pa puleni kuti iziterera, ndipo muigoneke chammbali kuti mpeni usagunde misomali ya pa benchi.

Mnyamata uja anabweranso patapita miyezi ingapo, atanyamula bokosi la paini lopanga yekha. Munali zitsulo zochepa, koma tchizulo yake inasenga kumutu kwa thabwa osasiya choyera. Anali atapanga timipando, benchi ya tchalitchi ndi mafelemu awiri, ndipo anabwera kudzafunsa za dirilo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mawu anga apite kwa makolo ndi abale amene muli kunja. Mwana akamaliza maphunziro a umisiri, musanamugulire foni yodula mugulireni puleni yabwino ndi mwala wonolera. Ndipo inu achinyamata amene mapepala a TEVETA ali m'sutukesi, musadikire tsiku lodzagula zonse pakamodzi. Gulani tepi ndi sikweya mwezi uno, nolani chimene muli nacho, ndipo pangani mpando woyamba.