Bulu akakana kuyenda, musathamangire chikwapu

Kuno ku Chiosya akavalo sitiwaona kawirikawiri. Zathu ndi ngolo za ng'ombe ndi abulu, zonyamula chimanga, mtedza ndi fodya. Komabe vuto la chiweto chokana kupita patsogolo ndi lomwelo, ndipo zimandiwawa ndikaona mnyamata akukwapula bulu amene waima njii pamsewu. Bulu akachita mantha sathawa ngati kavalo, amangoima.

Tsikani, muone kaye. Mukwezeni mwendo, mwina m'chiboda mwalowa kamwala kapena munga. Muyang'aneni pakhosi: goli ndi la ng'ombe, bulu limamuchititsa zilonda chifukwa iye amakoka ndi chifuwa. Ngati akuopa mlatho kapena madzi, mutsogolereni wapansi, mukumulankhula mofatsa. Akangosuntha phazi limodzi, lekani kukoka chingwe kuti adziwe kuti wachita bwino. Katundu akachuluka, tsitsaniko matumba.