Kodi Mumadziwa? Chaka cha Apolisi a M'malire a Mchinji

Kodi mumadziwa kuti boma la Mchinji linayamba ngati linga la asilikali? Atsamunda ankalitcha Fort Manning, potengera dzina la William Manning, msilikali wa ku Britain amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Kutsidya ku Zambia, tauni ya Chipata inkatchedwa Fort Jameson. Maina onsewa anapita ndi eni ake, koma ntchito yolondera malire idakalipo.

Nanga mumadziwa kuti polisi ya dziko lino inakhazikitsidwa mu 1921? Inakwanitsa zaka 100 mu 2021, ndipo lamulo limene ikuyendera pano ndi la mu 2010.

Kodi mumadziwa kuti Mchinji imachita malire ndi maiko awiri, Zambia ndi Mozambique? Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu opitirira 600,000 m'bomali. Polisi yaikulu ili pa boma, mothandizidwa ndi maofesi ang'onoang'ono m'malo ochitira malonda monga pa Kamwendo. Kuchoka pa boma kukafika pachipata cha m'malire ndi makilomita pafupifupi 12 okha, koma malire enieniwo ndi aatali zedi. Amadutsa m'minda, m'madambo ndi kuseri kwa nyumba za anthu. Alipo mabanja amene amagona ku Malawi, kulima ku Zambia, maliro n'kumalira mbali zonse ziwiri. Wapolisi sangaime pa kanjira kalikonse, n'chifukwa chake amadalira mafumu monga a Mlonyeni, a Zulu ndi a Mkanda pamodzi ndi nyakwawa zawo.

Kodi mumadziwa kuti chipata cha Mchinji ndi Mwami chinakhala chimodzi mu Disembala 2022? Anachitsegulira ndi a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema. Kale woyendetsa thiraki ankaima kawiri, kuonetsa mapepala kuno n'kukaonetsanso kutsidya. Tsopano amaima kamodzi. Komatu si onse ovala yunifolomu pachipatapa amene ndi apolisi. Chiphaso choyendera amadinda ndi a zolowa ndi kutuluka m'dziko, msonkho amatolera ndi a MRA. Ntchito ya apolisi ndi kusunga bata, kugwira ozembetsa katundu, ndi kufufuza ngati galimoto yodutsayo si yakuba, mogwirizana ndi Interpol.

Ndiye mumadziwa kuti ntchito ya wapolisi wa ku Mchinji imatsata nyengo ya mlimi? Apa m'pamene pagona nkhani. Mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zimakhala zitapepuka, ndipo milandu imene imafika pa kauntala ndi ya mbuzi ndi nkhuku zosowa m'khola usiku, kenako ya chimanga chachiwisi chothyoledwa m'munda mwa eni. Ikafika Epulo mpaka Julayi, mtedza, soya, fodya ndi chimanga zapsa, mavenda amwazika m'midzi ndi masikelo awo, ena mwa masikelowo ochuna kuti abere mlimi. Ndalama zikachuluka m'matumba, nawo achifwamba amatuluka, ndewu za kumowa zimakula. Boma likaletsa kutulutsa mbewu kunja, matumba amayenda usiku pa njinga zakapalasa ndi za kabaza m'njira zozemba, atatu kapena anayi pa njinga imodzi, omangidwa ndi mphira, nyali itazimitsidwa. Mvula ikayandikira, maso amatembenukira ku feteleza ndi mikangano ya malire a minda. Disembala ndi wa pamsewu: marodibuloko pa M12 wochokera ku Lilongwe, madalaivala oledzera, ndi a kabaza onyamula anthu atatu opanda chipewa.

Kodi mumadziwa kuti miyambo iwiri ya ku Zambia imachulukitsa ntchito pachipatachi? Kumapeto kwa Febuluwale Angoni amapita ku Nc'wala ku Mtenguleni kwa Inkosi ya Makosi Mpezeni. Kumapeto kwa Ogasiti Achewa amakhamukira ku Mkaika, m'boma la Katete, ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, mabasi ndi malole odzaza mpaka pakhomo.

Koma mumadziwa kuti katundu wozembetsedwa wopweteka mtima kwambiri ndi ana? Dzinja likamayandikira kumabwera anthu olankhula mokoma m'midzi, kulonjeza makolo kuti mnyamata akapeza ganyu yabwino ndipo adzabwera ndi njinga kapena ndalama pokolola. Mwanayo amathera ku mafamu a kutsidya, kuweta ng'ombe kapena kugwira ntchito m'fodya, sukulu n'kuthera pomwepo, malipiro osaoneka. Ambiri sadutsa pachipata pamene pali kamera ndi zidindo. Amadutsa m'kanjira ka kumunda, atakhala pa keliyala ngati mwana wopita kwa agogo ake. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la mu 2015 limalola khoti kupereka zaka zofika 14 kundende kwa wozembetsa munthu wamkulu, ndi zofika 21 kwa wozembetsa mwana. Ine ndimati pa ntchito zonse za apolisi a m'malire, iyi ndiyo iyenera kukhala patsogolo, ndipo galimoto ndi mafuta ziziyamba zapita kumeneku. Thumba la soya likazemba, mlimi adzalima lina chaka chamawa. Mwana wotaya zaka zitatu kubusa sazipezanso.

Kodi mumadziwa kuti kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18 n'kuphwanya lamulo? Malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti atseke mpata umene unalipo. Nkhani zotere, komanso za nkhanza za m'banja, zimalandiridwa ku ofesi ya Chilimbikitso ya apolisi, kumene wodandaula amafotokoza pambali, osati pagulu. Nambala yaulere yothandizira ana ndi 116.

Mumadziwa kuti apolisi a Malawi ndi a Zambia amagwirira ntchito limodzi? Maiko onsewa ali m'bungwe la akuluakulu a polisi a kum'mwera kwa Africa la SARPCCO, lomwe linayamba mu 1995. Wakuba ng'ombe asamaganize kuti akaoloka malire ndiye kuti wapulumuka.

Nanga za achitetezo a m'mudzi? Ndondomekoyi inayamba m'zaka za m'ma 1990, dziko litalowa m'ulamuliro wa zipani zambiri. Ndi anthu odzipereka, ambiri alibe ndi tochi yomwe, koma ndiwo amayamba kuona nkhope yachilendo pamudzi. Ntchito yawo ndi kugwira n'kupereka kupolisi. Kumenya kapena kuwotcha woganiziridwa ndi mlandu waukulu, ngakhale wogwidwayo atapezeka ndi mbuzi m'manja.

Pomaliza, kodi mumadziwa kuti belo ya kupolisi ndi yaulere? Munthu akamangidwa ayenera kuuzidwa chifukwa chake, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Lamulo la mu 2010 lija linakhazikitsanso bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi. Inu a ku Mchinji, wina akakupemphani ya fanta kuti m'bale wanu atuluke m'chitokosi, kanani ndipo kaneneni. Mukaona mwana wa mnzanu akutengedwa ndi mlendo kulowera kumalire, musadikire kuti kuche: uzani amfumu, imbani kupolisi.